Ndithandizeni kusiyanitsa nsatsi, nsatsimanga ndi mitengo ina ya pa mpanda wanga

A Admin mundibisire dzina chonde. Mwaswera bwanji nonse a pa gulu lino?

Ndine mayi wa ana atatu. Tasamukira kumene kufupi ndi Mpondasi kuno ku Mangochi, pa malo amene bambo a kunyumba anagula. Eni ake akale anasiya mpanda wa mitengo yosakanikirana, ndipo ine poti ndinakulira m'tauni, mitengoyi sindiizindikira. Dzulo pochapa ndapeza njere zakuda m'thumba la kabudula wa mwana wanga wa zaka zinayi. Akuti sanadye, ankangoseweretsa, ndipo wagona bwinobwino, koma ine mtima sunakhale pansi. Aneba akuti ndi nsatsi, apongozi anga akuti ndi nsatsimanga.

Mtengo umene watola njerezo ndi wamtali kupitirira munthu. Nthambi zake ndi zonenepa koma zofewa, khungwa lotuwa, losalala. Tsamba ndi lotambalala, lili ndi nsonga zisanu koma zosang'ambika mpaka mkati. Zipatso ndi zoburungira, zosalala, zina zobiriwira, zina zachikasu, zouma zada bii, ndipo ukaswa mukutuluka njere zitatu zakuda. Ndathyola tsamba limodzi, patuluka madzi onanda, osati oyera ngati mkaka, ndipo pamene anadontha pa chitenje pasanduka bulauni, sipakuchoka ndi sopo.

Kuseri kwa bafa kuli wina wa masamba aakulu kwambiri ndi zipatso za minga. Cha ku khola kuli uja wopanda masamba, timitengo tobiriwira tokhatokha, umenewo ndamva kuti ndi nkhadze. Palinso mtengo waukulu ndithu umene masamba ake akufanana ndi a chinangwa, apongozi amathyolako ndiwo. Komanso anasiya mizere iwiri ya chinangwa imene sitinauzidwe kuti ndi mtundu wanji.

Ndidule uti, ndisiye uti? Nanga chinangwacho ndingachidziwe bwanji kuti ndi chodya chachiwisi? Odziwa ndithandizeni, ana anga amaswera pa mpanda pomwepo.

Mayi wa ku Malindi:
Asisi, apongozi anuwo akunena zoona. Chipatso chosalala, njere zakuda zopanda mawanga, ameneyo ndi nsatsimanga. Wa kuseri kwa bafayo ndiye nsatsi weniweni. Musachedwe, sesani zipatso zonse zagwa pansi lero lomwe. Choopsa cha nsatsimanga n'chakuti njere yake siwawa, imakoma mkamwa ngati mtedza, ndiye mwana salavula, amawonjezera ina.

Mphunzitsi wa sayansi, Monkey Bay:
Mayi, mwafotokoza bwino zedi moti ngakhale popanda chithunzi munthu akuwona. Mitengo yonse mwatchulayi ndi ya banja limodzi limene akatswiri amalitcha Euphorbiaceae, ndipo chinangwa chimene timadyachi chili momwemo. Chizindikiro chimene chimawalumikiza ndi chipatso: chimakhala ndi zipinda zitatu, chipinda chilichonse njere imodzi. Dulani chopingasa chipatso cha nsatsi, cha nsatsimanga kapena cha chinangwa chimene chachita maluwa, mudzapeza zitatu pafupifupi nthawi zonse. Cha nsatsi ndi cha chinangwa chikauma chimathetheka padzuwa n'kumwaza njere patali, n'chifukwa chake mumangowona zamera zokha pa dzala.

Posiyanitsa awiri akukusokonezaniwo, yambani ndi tsamba. La nsatsi limang'ambika kwambiri, nsonga zake kawirikawiri zimakhala zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, ndipo m'mphepete muli timano. Litembenuzeni muone pamene phesi lalowera: sililumikiza m'mphepete mwa tsamba, limagwira kunsi, chamkati. La nsatsimanga phesi limagwira m'mphepete penipeni pamene tsamba lapindikira, ndipo mulibe timano. Kenako dulani nthambi. Ya nsatsi ili ndi mphako mkati ndipo situlutsa utomoni woyera. Ya nsatsimanga ilibe mphako, imatulutsa madzi onanda mwawaonawo, amene ana amaviikamo kaudzu n'kumauzira thovu. Masewera amenewonso muwaletse. Njere ya nsatsi ndi yonyezimira, ya mawangamawanga, ili ndi kachotupa kumutu. M'chilimwe nsatsimanga amayoyola masamba n'kutsala mitengo yokhayokha, ndiye muziwuzindikira ndi khungwa komanso madziwo.

Onsewa njere zake ndi poizoni. Ya nsatsi ili ndi poizoni wotchedwa ricin, ndipo imaopsa kwambiri ikatafunidwa. Mafuta a nsatsi aja amayi athu ankakazinga, kusinja ndi kuwiritsa kuti adzole ndi nkhani ina, poizoniyo amatsalira m'zotsalira zake, salowa m'mafuta. Mafuta a nsatsimanga okha ndi apoizoni, ntchito yake ndi sopo ndi nyale, osati mkamwa.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri aphunzitsi. Ndapita kukatembenuza masamba, zili monga mwanenera. Nanga akanakhala kuti wadya, ndikanaona chiyani?

Namwino wopuma pantchito:
Mwana wanga, akadya nsatsimanga sipatenga nthawi, kawirikawiri pasanathe maola awiri amayamba kusanza, kupotokola m'mimba ndi kutsegula. Poti usiku wonse wadutsa ali bwino, mtima ukhale m'malo. Nsatsi ndiye amatha kuchedwerako kuonetsa zizindikiro, choncho mwana akatafuna njere zake musadikire kuti muone kaye. Musamupise chala kukhosi, musamumwetse mafuta ophikira kapena mankhwala azitsamba. Nyamulani mwana, nyamulaninso chipatsocho ndi tsamba lake mu jumbo, mukaonetse kuchipatala. Chimene chimagwetsa ana msanga ndi kutha madzi m'thupi, makamaka ndi kutentha kwathu kuno kunyanja, ndiye Thanzi asamasowe m'nyumba, muzimumwetsa pang'onopang'ono muli m'njira.

Bambo wa ku Nankumba:
Za nkhadze musadandaule mayi, ndi mpanda wabwino, akuba ndi ziweto sizidutsa. Utomoni ukalowa m'maso kwathu kuno timadonthezera mkaka wa m'mawere.

Namwino wopuma pantchito:
Bambo, ndikudziwa kuti ambiri tinakula tikumva zimenezo, koma ndikupempheni tisaphunzitse amayi achichepere njira imeneyo. Timadontho tiwiri ta mkaka sititsuka utomoni, ndipo nthawi imene mukufunafuna mayi woyamwitsa diso likupsa. Chofunika ndi madzi oyera ambiri, kuthira mosalekeza kwa mphindi zosachepera 15 diso lili chitsegulire, osatikita, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Utomoni wa nkhadze umatha kumuchititsa munthu khungu kwa masiku angapo, ndipo diso likachita chilonda osalandira chithandizo limatha kuwonongekeratu. Amuna akuluakulu amafika akulira ndi ululu wake, ndiye ganizirani mwana wa zaka zinayi.

Mnyamata wa ku Chembe:
Ndiwonjezereko pang'ono. M'mapiri a miyala kuno kuli mtengo wina waukulu wa nthambi zonenepa zobiriwira zoloza kumwamba, wopanda masamba. Alendo ambiri amati ndi cactus koma ndi m'bale wake wa nkhadze, dzina la akatswiri ndi Euphorbia ingens. Mukaubaya umatuluka utomoni woyera mbee, ndipo timinga take timakhala tiwiritiwiri m'mizere ya nthambi. Cactus amene anthu amadzala m'mipanda anachokera ku America, alibe utomoni woyera, ndipo minga yake imatuluka pa kamulu ka tiubweya. Kamaluwa kofiira ka minga kaja anthu amadzala m'zitini pakhonde nakonso ndi ka banja lomweli, ana asamathyole.

Mphunzitsi wa sayansi, Monkey Bay:
Zoona achimwene. Koma utomoni woyera pawokha si umboni. Papaya, mkuyu ndi kachere zonse zimatuluka utomoni woyera koma si za banja limeneli, pamene nsatsi ndi wa banjali koma alibe. Muziphatikiza utomoni, tsamba ndi chipatso.

Agogo a ku Makanjira:
Mtengo umene apongozi ako amathyola ndi mpira, mdzukulu wanga. Ndi chigwada chokoma kwabasi, ndipo chimatipulumutsa m'chilimwe ndiwo zamasamba zikasowa. Usadule umenewo. Ungoonetsetsa kuti asinja mu mtondo mpaka chifewe, ndipo chiwire nthawi yaitali mphika uli wosavundikira.

Mlangizi wa zaulimi:
Agogo anena bwino. Mpira ndi m'bale wake wapafupi wa chinangwa, onse kwawo ndi ku Brazil, ndipo unabwera m'nthawi ya atsamunda pofuna utomoni wake. Umasiyana ndi chinangwa chifukwa umakula kukhala mtengo weniweni, khungwa lake ndi lodera, lonyezimira, limasendeka timizere topyapyala mozungulira thunthu. Zala za tsamba lake ndi zazikulu, zoburungira kunsonga, pamene za chinangwa ndi zazitali zosongoka. Chinangwa tsinde lake lili ndi mfundomfundo pamene panachoka masamba. Mizu ya mpira sidyedwa. Masamba a onse awiri ali ndi poizoni wa cyanide wambiri kuposa mizu ya chinangwa, n'chifukwa chake kusinja ndi kuwiritsa kosavundikira sikongofuna kukoma kokha, poizoniyo amatuluka ndi nthunzi.

Mayi wa ku Namwera:
Chinangwa n'chosavuta. Cha mapesi ofiira n'chozuna, cha mapesi obiriwira n'chowawa.

Mlangizi wa zaulimi:
Mayi, pamenepo ndikukanani mwaulemu, chifukwa ndi pamene pamagona ngozi. Mwina m'mudzi mwanu mitundu imene mumadzala imayendera lamulo limenelo, koma Malawi yense ayi. Mtundu wa phesi, kutalika kwa mtengo kapena maonekedwe a khungwa zimathandiza mlimi kuzindikira mbewu imene akuidziwa kale, monga Manyokola amene ena amati Mbundumali, amene ndi wozuna, kapena Gomani wowawa wa kondowole uja. Koma munda umene simunadzale nokha, diso silingakuuzeni. Ngakhale chozuna chimawonjezera poizoni chaka cha chilala. Kwa aneba athu ku Nampula ku Mozambique, m'chaka cha 1981 anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo ndi matenda a konzo atadya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira nthawi ya chilala, ndipo ambiri anali amayi ndi ana. Kupuwala kwake sikubwerera.

Ndiye a wofunsa, funsani eni malo akale ngati mungawapeze, kapena muitane mlangizi wa dera lanu adzaone m'mundamo. Pakadali pano chitengeni ngati chowawa: sendani, viikani m'madzi masiku atatu mpaka asanu kufikira chitafewa, tayani madziwo kutali ndi ziweto, yanikani chiume gwa, mukagayitse. Ana asatafune chachiwisi.

Wofunsa:
Mulungu akudalitseni nonse. Tagwirizana ndi bambo a kunyumba kuti nsatsi tizula, mpira utsala, nkhadze titchinga ndi mpanda wa bango mbali ya ana. Koma nsatsimanga ndi wambiri, ndi theka la mpanda wonse. Tikangodula basi zitha?

Mlangizi wa zaulimi:
Ayi mayi, chitsa chake chimaphukiranso, ndipo nthambi mukaitaya pa dothi lonyowa imamera, chimodzimodzi nkhadze. Ngati mukufuna kuuchotsa, kumbani chitsa, nthambi muziunjike pa miyala kapena pa thandala ziume. Ngati mukufuna mpanda utsale, poti mbuzi siziudya, udulireni kufika m'chiuno, ndipo muzithothola maluwa ndi zipatso zikadali zobiriwira, mlungu uliwonse nthawi ya dzinja ndi masika. Odula nkhadze avale malaya a manja aatali ndi magalasi, adule m'mawa kulibe mphepo, asambe m'manja ndi sopo asanagwire kumaso kapena mwana, ndipo nthambi zake musasonkhezere moto wophikira chifukwa utsi wake nawo umapweteka maso.