Thandizeni: masikulu a mfuti yanga akungomasuka, ndimange mpaka pati?

Mlimi wa ku Malosa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndili ndi mfuti imene anandisiyira malemu bambo anga, mapepala ake onse alipo. Mu Okutobala alamu anga anaibwereka, ati akaopsezere nguluwe kumunda. Anakhala nayo masabata 6, foni osayankha, pobweza n'kutuma mwana, ataikulunga m'thumba la feteleza, ngakhale zikomo. Ndi alamu omwewa amene ndalama yanga ya mbewu sanabwezebe mpaka lero. Nditaona dzimbiri ndinaimasula yonse, kuipukuta ndi oilo, n'kuimanganso. Chiyambire pamenepo sikulunjika. Ndikaika chitini patsinde la mango, chipolopolo choyamba chimamenya, chachitatu chapita kumanzere chikhatho chathunthu. Ndikagwira sikulu ndimapeza yamasuka. Kumanga kwambiri ndikuopa kudula. Chimanga chamasula ngayaye, anyani akutsika m'phiri m'mawa uliwonse, mayi akunyumba akuti ndikungotha zipolopolo. Ndimange mpaka pati?

Msilikali wopuma: MFUTI SABWEREKETSA, achimwene! Mapepala ali m'dzina lanu, alamu anuwo akanalakwira munthu apolisi akanagwira inu. Ine ndagwira mfuti zaka 22 pa Cobbe Barracks, sindinaonepo sikulu yomasuka yokha. Vuto ndi manja ofewa. Mangani mpaka dzanja limve kuwawa, basi.

Makanika wa pa Matawale: Madala, ndi ulemu wonse, pamenepo muwathetsa mazinga. Masikulu a mphete zogwira sikopu, galasi lolunjikira lija la pamwamba pa mfuti, ndi ang'ono, ambiri amafuna mphamvu yomangira ya 15 mpaka 18 inch-pounds, pafupifupi 2 Nm basi. Musasokoneze ndi foot-pounds, imodzi ya izo ndi ma inch-pounds 12. Torque wrench ya magalimoto, sipanala yoyezera mphamvu yomangira ija, musaiyerekeze n'komwe. Mukapyola muyeso mumafinya chubu cha sikopu. Koma bambo a ku Malosa, mfutiyo ndi yanji? Ndipo yomasukayo ndi sikulu iti, ya sikopu kapena yolumikiza chitsulo ndi thabwa?

Msilikali wopuma: Ana a masiku ano chilichonse manambala. Kunkhondo umayenda ndi torque wrench?

Mlenje wa ku Kachulu: Ine zinandionekera mu 2018, chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa. Ndinamanga sikulu ya pansi mwamphamvu nthawi yotentha, thabwa litauma gwa. Mvula itagwa thabwa linafufuma, n'kung'aluka kuyambira pabowo la sikulu mpaka pogwirira. Kalipentala anamata ndi guluu koma sinabwererenso mwakale. Mfuti imeneyo inandilerera ana 4, mtima umandiwawabe. Thabwa limapuma abale, mu Okutobala lina, mu Januwale lina.

Mayi wa ku Chinamwali: Inu mukuyesera mfuti patsinde la mango, kuseri kwa mtengowo kulibe njira ya ana asukulu? Komanso anyaniwo simungangowaombera mwakufuna kwanu, kaonaneni kaye ndi a zanyama zakutchire. Ife kwathu timangolondera ndi zitini ndi agalu.

Mnyamata wa pa Chikanda: Amangeni alamuwo kaye, masikulu pambuyo 😂

Msilikali wopuma: Mayi, zitini anyani a ku Malosa anazizolowera kalekale. Ndipo ndibwereze, MFUTI SABWEREKETSA. Mkazi, mfuti ndi njinga. Ine mng'ono wanga weniweni sanakhudzepo yanga.

Wowotcherera wa pa Songani: Mwati munapukuta ndi oilo? Mwina vuto lili pomwepo. Mazinga akakhala ndi oilo sikulu imaterera, ndipo mumapyola muyeso osadziwa. Tsukani masikulu ndi mabowo ake ndi spiriti, ziume. Chotsani kaye zipolopolo musanagwire chilichonse. Pomanga musamalize imodzi n'kupita pa ina, muzisinthanasinthana pang'onopang'ono, mpata wa mphete ukhale wofanana mbali zonse. Alenki, kachitsulo kokhota komangira masikulu kaja, muigwire kufupi ndi kokhota, ndi zala ziwiri. Kadontho ka Loctite ya buluu, guluu woletsa masikulu kumasuka, kamathandiza. Yofiira ayi, imeneyo pomasula imafuna moto.

Makanika wa pa Matawale: Pa mphete za sikopu Loctite ine sindiika, ikakhala yaiwisi imatereretsanso ngati oilo. Pa masikulu a pansi omangirira pachitsulo, eya.

Wowotcherera wa pa Songani: Ine ndaika zaka zonsezi, palibe chinathyoka.

Msilikali wopuma: Guluu pa mfuti! Dziko lapita.

Mlimi wa ku Malosa: Zikomo nonse, ndawerenga zonse. Mayi, kuseri kwa mtengowo kuli chulu chachikulu, ana sadutsako. Za alamu mwanena zoona madala, dzulo lomwe ndawaona pamsika wa Namwera Turn-off akugula nsomba, kundiona n'kutembenukira kumbali. Spiriti ndikagula mawa m'tauni. Ndiye pomaliza ndimange mpaka pati?

Makanika wa pa Matawale: Bambo, ndikufunsanso: ndi mfuti yanji? Ngati ndi ya mpweya ya sipuling'i, imagwedeza kutsogolo ndi kumbuyo komwe, imamasula masikulu ndi kuononga sikopu wamba, ndipo imafuna kachitsulo kotchinga kuti mphete zisasunthe. Ngati ndi .22 ya zipolopolo za onga nkhani yake ndi ina. Jambulani pamene palembedwa dzina pachitsulopo, nambala yake muibise ndi chala, mujambulenso sikulu imene ikumasukayo.