Thandizeni, SOA ikunditembenuzira siginolo

Membala wobisa dzina, Ngabu: Akuluakulu, mutu waima. Pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ndi yosamutsa deta kuchoka pa wavelength ya 1550 nm kupita pa 1555 nm kudzera mu SOA (semiconductor optical amplifier, kachipangizo kokulitsa mphamvu ya kuwala), kuwala kokhakokha osakusandutsa magetsi. Laputopu ndi yobwereka kwa alamu anga, madzulo amailanda kuti aonere mpira. Supavayiza sayankha mameseji, mnzanga wa m'gulu anangosowa ngati mvula ya Okutobala. Mu OptiSystem (pulogalamu yoyeserera pakompyuta) ndikatumiza 1 pakutuluka 0, eye diagram (chithunzi chonga diso choonetsa ubwino wa siginolo) yatsekeka. Nditani?

Mkulu wa fayiba, Nchalo: NDI KUTENTHA BASI! SOA ndi kachipangizo ka InGaAsP, kakatentha gain (mphamvu yake yokulitsa kuwala) imatsika. Kuchigwa kuno kumapitirira madigiri 40. Ikani TEC yoziziritsira, nkhani yatha.

Mayi wa ku Bangula: Bambo, mwanayu wati OptiSystem. SOA ya m'kompyuta dzuwa la ku Ngabu ilimva bwanji?

Mkulu wa fayiba: Mayi, musandiphunzitse ntchito. Freddy atadutsa mu 2023 ine ndinali m'madzi ofika m'chiuno kusaka chingwe choduka, inu muli pa Facebook.

Injiniya wa ku Chikwawa: Achimwene, kutembenukako si vuto, ndi mmene XGM (cross-gain modulation, njira mukugwiritsayi) ilili. 1 akalowa amamaliza ma carrier (ma elekitironi okulitsa kuwala mu SOA), gain imagwa, kuwala kosasinthasintha (CW) kwa pa 1555 nm kumatuluka kofooka. Pa 0 kumatuluka kwamphamvu. Koma simunanene liwiro. Ndi 10 Gb/s kapena 40? Ma carrier akamachedwa kubwerera, ma bit amapondana, diso n'kutsekeka.

Wa FWM: XGM n'zachikale. Four-wave mixing (FWM) imasunga ndi phase yomwe, sitembenuzanso.

Injiniya: Ndiye muwauzenso kuti chotulukacho chimakhala chofooka ndipo chimavuta ndi polarization. Akafuna yosatembenuka, aike ma SOA awiri mu Mach-Zehnder, chipangizo chogawa kuwala panjira ziwiri n'kukuphatikizanso.

Azakhali a ku Nsanje: Wobwereka sadandaula, mwanawe. Kunena alamu ako pagulu chonchi, mawa akakubisira chaja usalire.

Mayi wa ku Bangula: Fyuluta ya 1555 nm munaiika potulukira? Ine zinandilizapo zimenezo. Kwezaninso bias current. Komanso mu XGM extinction ratio (kusiyana kwa mphamvu ya 1 ndi 0) imaipa mukamapita ku wavelength yaitali, yesani 1545.

Wofunsa: Zikomo nonse. Supavayiza awerenga meseji koma zii.

Injiniya: Liwiro lija, achimwene?

Mkulu wa fayiba: Laputopu nayonso imatentha. Muzandikumbuka.

Wamalonda, Thabwa: Ofuna mafani a sola mundipeze ku inbox, mtengo timakambirana.