Kodi mwambi wa mphesa zosapsa pa Ezekieli 18 ukutanthauzanji?

Wofunsa:
Abale ndi alongo, ndithandizeni pa mwambi uli pa Ezekieli 18:2, wakuti makolo adadya mphesa zosapsa koma mano a ana ndiwo ayayamira. Ulinso pa Yeremiya 31:29. Mawu akewo ndikuwamva: amene adadyapo mango aawisi akudziwa kuti mano oyayamira amakhala a wodyayo. Chandivuta n'chakuti alaliki ena amauwerenga pophunzitsa za matemberero a kumtundu, akuti umphawi kapena kusabereka n'zochokera kwa agogo. Pali amayi amene sagona tulo chifukwa cha chiphunzitso chimenechi. Kodi mneneri ankanenadi zimenezo?

Woyankha woyamba:
Achemwali, yambani mwaona kuti mwambiwu ukutuluka pakamwa pa yani. Ndi dandaulo la anthu, ndipo pa ndime 3 Yehova akulumbira kuti anthuwo sadzaunenanso mu Israeli. Ezekieli anali wansembe, adatengedwa ukapolo kupita ku Babulo mu 597 BC pamodzi ndi mfumu Yehoyakini, ndipo ankakhala ndi anzake pafupi ndi mtsinje wa Kebara. Yerusalemu anali asanawonongedwe. Akapolowo ankati akulipira milandu ya makolo, makamaka ya mfumu Manase ya Yuda imene idalamulira zaka 55. Sikuti ankangolankhula zopanda mutu, chifukwa 2 Mafumu 24:3 imalozanso chala Manase yemweyo. Koma mwambiwo udasanduka pobisalira: ngati wolakwa ndi agogo, ine ndilape chiyani? N'chifukwa chake mneneri akupereka mibadwo itatu: bambo wolungama, mwana wake wachiwawa, ndi mdzukulu amene waona zoipa za bambo ake nazikana. Aliyense akuweruzidwa ndi ntchito zake.

Wofunsa:
Zikomo bambo. Nanga Eksodo 20:5, pomwe akuti Mulungu amalanga ana chifukwa cha makolo mpaka mbadwo wachitatu ndi wachinayi? Kwathu kunonso akulu amati mlandu suola.

Woyankha wachiwiri:
Mayi, funso lanulo lidawavutanso aphunzitsi a Chiyuda, ndipo sadalizembe. Mu Talmud, mabuku akale a ziphunzitso zawo, pa gawo lotchedwa Makkot 24a, Rabbi Yose bar Hanina akunena mosabisa kuti Mose adaika chigamulo chakuti ana azilangidwa, Ezekieli nabwera kudzachithetsa ndi mawu akuti wochimwayo ndiye adzafa. Ine mawu amenewa amandigwira mtima, chifukwa akuvomereza kuti malemba awiriwa akukokanadi. Ena adawayanjanitsa mwa njira ina: mu Talmud momwemo, pa gawo lotchedwa Sanhedrin 27b, akuti chilango chimafika kwa ana pokhapokha anawo akapitiriza ntchito za makolo awo. Onaninso kuti Eksodo yemweyo akuti "a iwo akundida", ndiponso Deuteronomo 24:16 amaletsa kupha mwana chifukwa cha bambo ake. Tsono Ezekieli sadachoke kutali ndi Mose monga tingaganizire.

Akhristu amakonda kuwerenga mwambiwu kudzera mwa Yeremiya, pakuti utangotha pakubwera lonjezo la pangano latsopano pa 31:31, lomwe Ahebri 8 amalibwereza. Pa Yohane 9 ophunzira adafunsa ngati munthu wobadwa wosaona uja adachimwa yekha kapena makolo ake, Yesu nati ayi, palibe adachimwa mwa iwo.

Woyankha wachitatu:
Ndikugwirizana nanu akuluakulu, koma tisathamange. Ana amavutikadi ndi zochita za makolo. Bambo akagulitsa munda n'kumwera mowa, njala imagwira ana. Maliro 5:7 akulira chimodzimodzi, kuti makolo adachimwa, kulibenso, ife tasenza zoipa zawo. Ana obadwira ku Babulo sadafukize lubani kwa mafano a Manase, komabe adakulira mu ukapolo. Kodi Ezekieli akukana zimenezo?

Woyankha woyamba:
Sakukana achimwene, iye mwini anali kapolo komweko. Chimene akukana n'chakuti mlandu pamaso pa Mulungu ungakhale cholowa, ndi kuti chitseko cha kulapa chidatsekedwa ndi agogo. Werengani mpaka ndime 31 ndi 32, pomwe akuwauza kuti ataye zolakwa zawo, akhale ndi mtima watsopano, pakuti Yehova sakondwera ndi imfa ya munthu.

Wofunsa:
Ndathokoza nonse. Lachinayi kumsonkhano wa amayi tidzawerenga mutu 18 wonse, kuyambira ndime 1. Koma mfundo ya achimwenewo ndikuisinkhasinkhabe: mayi amene mavuto ake adayambadi ndi zochita za bambo ake, ndimuuze chiyani kupatula kuti alibe mlandu? Amene muli ndi maganizo, ndithandizeni.