Ndithandizeni pa nkhani za SADC ndi COMESA, mayeso ayandikira

Abale ndi alongo, ndikukonzekera mayeso olowera ntchito ya boma, ndipo gawo limene likundisowetsa tulo ndi la mabungwe a mayiko oyandikana komanso ndale za padziko lonse. Mbiri yake ndaigwira: SADC, bungwe la mayiko a kummwera kwa Africa, inakhazikitsidwa ku Windhoek mu 1992 kulowa m'malo mwa SADCC ya 1980, COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kummawa ndi kummwera kwa Africa, inayamba mu 1994 ndipo likulu lake lili ku Lusaka. Zaka zimenezi ndinazilemba pa pepala n'kumata pakhoma pafupi ndi bedi.

Chikundivuta ndi funso lofuna maganizo anga. Malawi ali m'mabungwe onse awiri, pamene Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000. Kodi kukhala kuwiri kumatipindulira, kapena kumangosokoneza malamulo a msonkho pamalire ngati pa Songwe ndi Mwanza? Ine ndikuona ngati kumasokoneza, koma ndikusowa mfundo zolimba. Nanga kutuluka kwa Britain mu European Union mu 2020, ndi kwa Mali, Burkina Faso ndi Niger mu ECOWAS, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa, kungakhale zitsanzo zoyenera?

Inu amene munalembapo mayesowa, chonde ndiuzeni mmene munkayalira yankho lanu. Ndimawerenga usiku wokha ndikaweruka kuntchito, nthawi ikundichepera.