Thandizeni maganizo: kuika zizindikiro zobisika pa galimoto ndi masipeya ake kuno ku Harare

Wofunsa:
Moni nonse a m'gulu muno makamaka inu muli kuno ku Harare, ndabwera ndi funso ndipo ndingakonde andiyankhe anthu oti anachitapo kapena amagwira ntchito za galimoto. Ndili ndi ka Honda Fit ka ex-Japan, ndi kamene kamadyetsa banja langa, m'mawa ndimanyamula ana a sukulu ku Mufakose masana ndimaperekera anthu katundu mtauni. Mwezi wathawu akuba analowa pamalo pomwe timagoneka galimoto usiku, malo olipira ndithu, anamasula ma side mirror onse awiri, batire ndi kompyuta bokisi (kabokosi kolamulira injini), alonda akuti sanamve kanthu. Ndinakanena ku polisi kenako ine ndi mlamu wanga tinayamba kuzungulira m'malo ogulitsa masipeya akale, ndipo pa tebulo lina tinapeza ma mirror ofanana ndendende ndi anga, ina ili ndi kokalika kuseri komwe ndimakadziwa bwinobwino chifukwa inakhula pa geti la kunyumba. Wogulitsayo anangondifunsa kuti dzina lanu mwalemba pati, Fit ndi yanu yokha mu Harare muno? Ndinachoka mtima ukuwawa chifukwa ndinalibe choti ndimuonetse.

Pano ndagula zina mwa ngongole ndiye sindikufuna zibwerezenso. Ndamva kuti pali njira yoika manambala obisika pa galimoto ndi pa sipeya iliyonse, ena akuti ku Joni amathira timadontho tosaoneka ndi maso. Kodi zimenezi zimathandizadi kapena ndi kungotaya ndalama? Nanga a VTS (Vehicle Theft Squad, apolisi ofufuza za kubedwa kwa galimoto) sangaganize kuti ndasokoneza manambala a galimoto? Ndikufunsa chifukwa December ndikufuna kupita nayo kumudzi ku Ntcheu kudzera pa Nyamapanda ndi Tete ndipo sindikufuna zokokana pa boda ndili ndi ana m'galimoto.

Mayi wa ku Mabvuku:
Pepani kwambiri achimwene. Ife anatichotsera malaiti akumbuyo a galimoto yathu ya Toyota Wish pakhomo penipeni galu ali pompo. Ndikudikira nawo mayankho.

Makaniko wa ku Highfield:
Achimwene pepani ndi zomwe zakuonekeranizo. Ntchito imeneyi ndimawachitira makasitomala anga ndiye ndikuuzani momwe ndimaionera. Zizindikiro zilipo ziwiri ndipo ntchito zake n'zosiyana. Chooneka, monga nambala yolembedwa pa galasi la mirror kapena pa laiti, chimamugwetsa ulesi wakuba chifukwa akudziwa kuti chivuta kugulitsa. Chobisika sichiopseza munthu, wakuba sakuchiona ndiye abako basi, ntchito yake imabwera pamene mwachipeza chinthucho ndipo mukufuna kutsimikizira wapolisi kuti n'chanu. Zili ngati kudula khutu la mbuzi kumudzi, sikuletsa mbuzi kubedwa koma ikapezeka m'khola la wina mlandu sutalika. Ndiye inu chitani zonse ziwiri osasankha chimodzi.

Nambala yoti mulembe ikhale manambala omaliza a chassis osati a number plate, chifukwa plate imatha kusintha koma chassis imakhala yomweyo mpaka galimoto itafa. Dziwaninso kuti galimoto za ex-Japan zambiri zilibe VIN, nambala ya chassis ya zilembo 17 ija imakhala pa galimoto za ku Joni kapena za ku UK, zanuzi zimakhala ndi model code kenako kamzere kenako manambala, monga GD1 kapena GE6 kutsogoloko ikakhala Fit. Tengani omalizawo muonjezerepo zilembo zanu ziwiri zomwe mukuzidziwa nokha.

Polemba pake, mirror imatseguka, mukachotsa galasi mkati muli pulasitiki yakuda, pamenepo mumazokota ndi kamakina kozokotera kapena nsonga ya soldering iron mopepuka. Laiti lembani kuseri kwake pomwe pamabisika likamangidwa. Kompyuta bokisi musaiboole kapena kuimenya ndi punch, mkati muli board yosachedwa kuonongeka, ingokandani pang'ono pa chivundikiro chake kapena lembani ndi paint marker mbali yoyang'ana ku bodi. Marimu lembani mkati mosazamitsa. Pa ma airbag, mapaipi a mabuleki ndi waya musayandikireko. Malo ena sinditchula pano chifukwa gulu lino ndi lalikulu ndipo amene amamasula zinthuzi akuwerenga nawo.

Chomwe ndikuchenjezeni kwambiri ndi ichi, pomwe panadindidwa nambala ya chassis ndi ya injini musakhudzepo olo pang'ono. Osapalapo, osapentapo, osadindapo chanu pambali pake. Pakangooneka kuti panadutsa grinder kapena penti yatsopano galimoto yanu yomwe ikhala ngati yakuba ndipo mudzavutika kufotokoza.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri amakaniko, za chassis zija ndi zomwe zimandiopsa. Nanga timadontho tija mukutidziwa?

Dalaivala wa thiraki, Harare–Johannesburg:
Timadonthoto ndikuyankheni ine madala chifukwa galimoto ya bwana wanga inathiridwa ndikuona. Amatitcha ma microdot, kadontho kamodzi kukula kwake ndi pafupifupi milimita imodzi kapena kucheperapo, ukakaona umangoti ndi kamchenga, koma pa kamodzikamodzi panalembedwa VIN ya galimoto kapena PIN yomwe inalumikizidwa ndi galimotoyo mu kompyuta ya kampani. Amatisakaniza ndi guluu n'kupopera pansi pa galimoto, mu injini, mkati mwa zitseko, mu buti, paliponse, galimoto imodzi timadontho tokwana 10,000. Guluuyo amawala ukamuunika ndi tochi ya UV, tochi yapadera yoonetsa zosaoneka ndi kuwala wamba, ndiye wapolisi amayamba waunika, akaona powala amaika kagalasi kokuza zinthu n'kuwerenga nambala. Wakuba kuti achotse tonse n'zosatheka, atha kupala apa ndi apo koma kamodzi kokha kakatsala ndi umboni wokwanira.

Ku South Africa linakhala lamulo kuyambira pa 1 September 2012 kuti galimoto yatsopano iliyonse ikhale nato isanalembetsedwe, komanso galimoto yofuna police clearance (kalata ya polisi yotsimikiza kuti si yakuba), ndipo ali ndi muyezo wake wotchedwa SANS 534-1. Kumeneko zimayenda chifukwa apolisi ake anazolowera kuyang'ana ndipo pali poti afunse nambalayo. Ndiye wina akakuuzani kuti akuthirirani kuno mufunseni mafunso awiri musanalipire, nambalayi ikasungidwa kuti, ndipo wapolisi wa kuno akaipeza aimbira ndani kuti adziwe mwini wake. Akupatseninso setifiketi yolembedwa PIN ndi chassis yanu. Akamazungulira poyankha musapereke ndalama, mungogula guluu wonyezimira basi.

Bambo wa ku Epworth:
Ine ndinene mosabisa, zambiri mwa izi sizikubwezerani katundu. Batire akaba ambiri sapita nayo pa tebulo, amakagulitsa kwa ogula zitsulo chifukwa cha mtovu uli mkatimo, ikaswedwa nambala yanu yathera pomwepo. Chimodzimodzi catalytic converter ya pa ekizosi, amadula ndi sowo mphindi zochepa, chomwe akufuna ndi zitsulo zodula za platinum, palladium ndi rhodium zili mkati, chigoba chomwe mwalembapocho amataya. Ndalama yanuyo yambani mwagulira zoletsa, ma rivet pa mirror ndi pa malaiti, ma lock nut pa matayala, kachitsulo kotsekera batire ndi loko, ndi switch yobisika yodula mafuta kapena moto. Ma Fit amakondedwa ndi a mushikashika, onyamula anthu ngati taxi popanda chilolezo aja, ndiye masipeya ake sachedwa kuyenda, mukamadzafika inu ndi tochi yanu mirror ili kale pa galimoto ya wina ku Chitungwiza.

Makaniko wa ku Highfield:
Ankolo a ku Epworth pa batire ndi converter mukunena zoona sinditsutsa. Koma mirror, laiti, bampala, boneti, kompyuta bokisi, giyabokosi, zimenezi phindu lake ndi kugulitsa zili zamphumphu ndiye zimakhala pa tebulo masiku angapo, mwamva nokha achimwenewa anazipeza ndi maso awo chinawasowa ndi umboni. Kuzokota sikudya ndalama, ndi Loweruka limodzi masana ntchito yatha. Ma rivet aikenso inde, palibe chikuletsa chinzake.

Mayi wogulitsa zovala mtauni:
Achimwene ine ndinayesa cholembera cha UV chija, inki yake siioneka mpaka uunike ndi katochi kake. Mkati mwa zitseko, kuseri kwa wailesi ndi pansi pa mipando mpaka lero ikuwalabe, koma zomwe ndinalemba mu injini zinafufutika ndi kutentha komanso anyamata otsuka aja akapopera madzi amphamvu ndi sopo wochotsa girizi. Padzuwa nayonso siikhalitsa. Ndiye cholemberacho chisiyireni mkati mouma, kunja zokotani.

Koma chomwe ndikufuna ndikuuzeni kwambiri ndi zithunzi. Mukalemba paliponse jambulani kawiri, chithunzi chapafupi chooneka nambala ndi chapatali chooneka kuti ndi galimoto yanu plate ikuoneka, kenako dzitumizireni pa imelo kapena tumizani kwa m'bale wanu mmodzi wokhulupirika kuti deti ikhalepo, foni imabedwa nayonso. Lembaninso pa pepala kuti chakuti ndinalemba pakuti muike pamodzi ndi buku la galimoto kunyumba osati mu dashibodi. Tsiku lokanena ku polisi muwauze pomwepo kuti katundu wanga ali ndi chizindikiro chakuti pamalo akuti zilowe mu statement, chifukwa mukadzanena mutachipeza kale wogulitsa adzati mwalemba pompano muli chigwirire. Ndipo mukachiona pa tebulo musalande kapena kuyamba phokoso, anthu aja amakhala ambiri angakuvulazeni, funsani mtengo ngati wogula muchoke mukabwere ndi wapolisi.

Wofunsa:
Achemwali apa mwanditsegula maso, za statement zija sindikanaziganiza. Nanga za ulendo wa kumudzi pali amene anadutsa posachedwa?

Mkulu wina wa ku Dzivarasekwa:
Mwana wanga, njira imeneyo ndimayenda, Nyamapanda, Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa Tete kenako Zobue kulowera Mwanza, kapena kukhotera ku Calomue kutulukira Dedza. Musananyamuke pitani ku Vehicle Theft Squad ku Southerton ndi galimoto, buku lake ndi chitupa chanu mukatenge police clearance. Iwo chomwe amayang'ana ndi nambala ya chassis ndi ya injini ngati zikugwirizana ndi zomwe zili m'buku komanso ngati galimotoyo sinanenedwe kuti inabedwa. Zomwe mwazokota mkati mwa mirror kapena kuseri kwa laiti si zosokoneza manambala a galimoto, bola mutsatire zomwe anena amakaniko zosakhudza pomwe fakitale inadinda. Amene amavutika ndi oti anasintha injini koma osakasinthitsa nambala m'buku ku CVR (Central Vehicle Registry, ofesi yolembetsa galimoto). Pitani masiku akadalipo chifukwa kumapeto a chaka anthu amachuluka.

Ndionjezere china poti tikukambirana poyera. Ifenso ogula tili ndi gawo pa nkhaniyi. Munthu akuberani mirror lero, mawa mukupita kukagula yotchipa osafunsa komwe yachokera, imeneyonso inamasulidwa pa galimoto ya mnzanu usiku. Mwati mwagula zina, taziyang'anani bwino ngati palibe popalidwa kapena nambala ya munthu wina, ndipo pogula muzipempha lisiti yolembedwa dzina la shopu. Kupezeka ndi katundu wakuba ukudziwa ndi mlandu pawokha.

Mayi wa ku Mabvuku:
Zoona agogo, ife titagula malaiti ena tinapeza pakona pali pokwechedwa ndi sandpaper, amuna anga anabweza tsiku lomwelo.

Wofunsa:
Ndathokoza nonse, amalume a ku Dzivarasekwa ndayang'ana zomwe ndinagulazo zilibe popalidwa ndipo lisiti ndili nayo. Loweruka ndiyamba ndi kuzokota, ma rivet ndi kachitsulo ka batire, zithunzi nditumiza kwa mchemwali wanga ku Blantyre, za ma microdot ndiyamba ndafunsa mafunso awiri aja. Funso lomaliza amakaniko, mawindo anga ali ndi tint, ndingalembe bwanji nambala pa magalasi osaononga? Kamakina kozokotera komweko kangachite?

Makaniko wa ku Highfield:
Ayi achimwene kamakinako musakaike pa mawindo a m'mbali ndi lakumbuyo, magalasi amenewo ndi tempered, mukazamitsa pang'ono lonse limaphulika kukhala timiyala ndipo mugula lina. Pa galasi timagwiritsa ntchito stencil (pepala lomata lobooledwa manambala) ndi etching cream (mankhwala odya galasi), kapena opopera mchenga aja. Tint imamatidwa mkati ndiye inu lembani kunja, pakona yapansi pomwe sipakutchingani poyendetsa. Pukutani galasi liume, matani stencil mosasiya mpata, pakani mankhwalawo mudikire mphindi zomwe zalembedwa pa botolo kenako tsukani ndi madzi ambiri. Valani magolovesi chifukwa ndi asidi amawotcha khungu, asadonthere pa penti, ndipo ana asakhale pafupi. Muwerenge nambala pa stencil kawiri musanamate chifukwa ikalowa pa galasi siifufutika. Yambani ndi kagalasi kakang'ono ka kumbuyo kuti dzanja lizolowere musanafike pa windscreen.