Neti kapena matabwa pa katamarani yanga?

Wa ku Katoto: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndagula katamarani yaing'ono kwa mzungu wina amene amachoka ku Chintheche, boti lija la mabwato awiri olumikizidwa ndi zitsulo. Neti yapakati, pomwe anthu amakhala, inatha ndi dzuwa. Yatsopano mpaka ndiitanitse ku Joni, ndipo nditamva mtengo wake ndinangoti kakasi. Ndigule basi, kapena ndingokhoma matabwa? Ndimafuna Loweruka ndizitsika ndi ana ku Nkhata Bay.

Kalipentala wa ku Luwinga: Achimwene, Chikangawa ili pakhomo pompano, inu n'kumalirira neti ya ku Joni? Bweretsani miyeso. Paini wopala bwino, vanishi katatu, mwamaliza. Ana aziyendapo ngati pakhonde, ngakhale mbaula muikapo.

Mdala wa ku Usisya: Mwanawe, paini m'madzi? Amamwa madzi, kenako n'kuwola pamene pali misomali. Ukafuna thabwa la panyanja ndi mlombwa, koma nawonso ndi wolemera. Boti limenelo analipanga lopepuka dala.

Aphunzitsi a ku Zolozolo: Tiyeni tiwerengere, pajatu ntchito yanga ndi imeneyi. Malo a mamita 3 ndi 2, thabwa lochindikala masentimita 2. Paini wouma ameneyo afika makilogalamu 60. Kuposa thumba la chimanga, musanaike mitanda yogwira pansi, ndipo asananyowe. Neti mumainyamula ndi dzanja limodzi. Ndiye kuti mwakweza munthu wamkulu amene satsika.

Kalipentala wa ku Luwinga: Aphunzitsi, thumba limodzi la chimanga lingamize boti?

Mdala wa ku Usisya: Kumira ayi. Nkhani ndi mwera. Inu a kumtunda mumaidziwa nyanja ya pa Khirisimasi. Bwerani mu Juni kapena Julaye muone mafunde ake. Funde likalowa pakati pa mabwato awiriwo, pa neti limangodutsa n'kukunyowetsani. Pa matabwa limamenya pansi, phaa, boti lonse kunjenjemera, mabawuti n'kuyamba kumasuka. Mphepo nayo ikalowa kunsi bwato limodzi litadzuka, matabwa amasanduka thanga lachiwiri. Likagadabuka, mulidzutsa bwanji muli ndi ana m'madzi?

Mayi a ku Chibavi: Ine ndifunseko, bwanji osangomanga ukonde wa asodzi? Pagombe uli mbwee.

Mdala wa ku Usisya: Mayi, wa chilimira uja ndi wa usipa, si wa munthu. Phazi la mwana lingoboola.

Mayi a ku Chibavi: Chabwino. Koma neti yoyambayo si inatha ndi dzuwa? Yachiwiri nayo itha. Ndalama zomwezo kawiri.

Aphunzitsi a ku Zolozolo: Imatha ikamagona padzuwa chaka chonse. Amangirira ndi chingwe, ndiye mukabwerako muzimasula kapena kuphimba ndi tenti. Vanishi naye amafuna kubwereza, musaiwale.

Kalipentala wa ku Luwinga: Ndiye tigawane. Kutsogolo neti, kumbuyo timatabwa ting'onoting'ono tosiya mipata kuti madzi azidutsa, pokhalira woyendetsa ndi kabokosi ka zakumwa. Masikuruwu osachita dzimbiri, osati misomali ya denga.

Wa ku Katoto: Mdala mwandiopseza ndi za anazo. Neti ndiitanitsa mwezi ukatha. Akalipentala, timatabwato tikambirana, koma ndiyambe ndagula majekete oyandamitsa. Alipo akupita ku Joni posachedwa woti andinyamulire?

Mayi a ku Chibavi: Mlamu wanga anyamuka pa basi sabata yamawa. Tumizani miyeso, ndipo muyeze kawiri, musadzabwezetse munthu.