Kujambula moyo wa anthu amene nkhani zawo sizimveka: ndiyambire pati?

Wa ku Kapata: Akuluakulu, ndikufuna kujambula kukhale ntchito yanga, koma osati maukwati okhaokha. Mtima wanga uli pa amayi ophwanya miyala, anyamata a njinga zonyamula anthu muno m'Chipata, ndi alimi a fodya. Ndiyambire pati?

Amalume a ku Katete: Mphwanga, sankhani gulu limodzi, mukhale nalo miyezi ingapo. Kumudzi yambirani kwa anyakwawa, kamera ili m'chikwama. Pepala la chilolezo likhale m'Chinyanja, muliwerenge mokweza, munene kumene zithunzi zipite, ngakhale pa Facebook. Wosadziwa kulemba adinde chala. Mwana musamujambule kholo lisanavomere. Ku Kulamba ku Mkaika, Gule Wamkulu mujambule pabwalo pokha, mutafunsa. Kudambwe musayandikireko n'komwe. Mukatsuka zithunzi, abwezereni zawo m'manja. Akakuonani mwabwera nazo, ulendo wachiwiri amakulowetsani mpaka kukhitchini.

Mayi Wajambula: Ndionjezepo za zida. Lens imodzi ya 35mm ikukwanirani, chifukwa imakukakamizani kuyandikira munthu. Dzuwa la masana limadetsa nkhope, maso n'kusanduka maenje, choncho jambulani isanakwane 9 koloko m'mawa kapena kuyambira 16 hours. M'chigafa cha fodya muli mdima: kwezani ISO (mphamvu ya kamera yomva kuwala) kufika 1600 kapena 3200, koma liwiro la shutter (chitseko cholowetsa kuwala m'kamera) lisatsike pansi pa 1/125 ya sekondi, apo ayi manja a mayi wosoka fodya atuluka osaoneka bwino. Lens musasinthire panja nyengo ya fumbi, likalowa pa sensor (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) chithunzi chilichonse chikhala ndi madontho. Khalani ndi mabatire atatu, ndipo mafayilo a RAW (zithunzi zosakonzedwa, monga zachokera m'kamera) muwasunge pa ma hard drive awiri.

Chimene ambiri amagwa nacho ndi mawu a pansi pa chithunzi. Lembani pomwepo dzina, mudzi, tsiku ndi zimene munthuyo wanena yekha. Mkonzi salandira chithunzi cholembedwa "mayi wa kumudzi", ndipo kwa mayiyo n'chipongwe.

Wa ku Lundazi: Za ndalama, konzani zithunzi 12 mpaka 15 za nkhani imodzi, ndizo muzionetsa mabungwe ndi nyuzipepala. Musanasaine, onani ngati akugula chilolezo chogwiritsa ntchito kwa nthawi yoikika kapena akutenga umwini wonse; chachiwiricho chikwere mtengo kwambiri. Pa maphunziro, yang'anani sukulu ya zojambula ya Market Photo Workshop ku Johannesburg, yomwe wojambula zithunzi David Goldblatt anayambitsa mu 1989.